Nyali ya kumapeto kwa sitima pa tisitima toyerekezera

Nyali ya kumapeto kwa sitima ndi nyali yofiira imene imamangiriridwa kumbuyo kwa bogi yomaliza ya sitima yapamtunda yonyamula katundu. Ntchito yake ndi kusonyeza pamene sitima yathera, komanso kutsimikizira ogwira ntchito panjanji kuti palibe bogi imene yaduka n'kutsala m'njira. Ku United States ndi ku Canada nyaliyi ndi mbali ya chipangizo chotchedwa end-of-train device, mwachidule EOT kapena ETD. Ambiri amachitchulanso kuti FRED.

Anthu okonda tisitima toyerekezera, tomwe ndi tisitima ting'onoting'ono toyendera magetsi totengera maonekedwe a sitima zenizeni, amaikanso kanyali kotere pa kabogi kawo komaliza. Ntchitoyi imaoneka yochepa, koma ili ndi vuto limodzi lalikulu. Mutu wa kasitima umatapa magetsi kunjanji, pamene tibogi ta katundu timangokokedwa ndipo tilibe waya ngakhale mmodzi. Choncho woika nyali amayenera kupeza kumene magetsi achokere, pobisa zipangizo zake, ndi njira yochititsa kuti nyaliyo iziphethira ngati yeniyeni.

Chifukwa chake sitima imakhala ndi chizindikiro kumbuyo

Sitima ya katundu ku North America imatha kutalika kupitirira makilomita awiri, moti woyendetsa sangaone bogi yomaliza. Bogi ikaduka n'kuima pakati pa njanji, sitima yobwera m'mbuyo ikhoza kuiwomba. N'chifukwa chake mayiko ambiri ali ndi lamulo lakuti bogi yomaliza izikhala ndi chizindikiro.

Ku Britain chizindikirocho chinali nyali yofiira ya palafini, ndipo masiku ano ndi nyali yophethira ya batire. Pa njanji zoyendetsedwa mwachikale, woyang'anira zizindikiro sankaloledwa kuuza mnzake wa m'mbuyo kuti njira yatseguka asanaone nyaliyo ndi maso ake. Sitima ikadutsa yopanda nyali, ankaiona ngati yaduka mpaka atatsimikiza kuti ili yonse. Ku India bogi yomaliza ya sitima ya anthu imalembedwa chilembo chachikulu cha X, ndipo imakhala ndi kachikwangwani kolembedwa LV. Ku Germany amagwiritsa ntchito nyali ziwiri zofiira kapena timapepala tachitsulo tonyezimira tofiira ndi toyera.

Kuchoka pa caboose kufika pa EOT

Kwa zaka zoposa 100, sitima za katundu za ku North America zinkathera ndi bogi yapadera yotchedwa caboose. M'bogi imeneyi munkakhala kondakitala ndi womuthandiza. Iwo ankasuzumira pa kachipinda kapamwamba kuti aone ngati mawilo akutentha n'kumafuka utsi, ankawerenga mphamvu ya mpweya wa mabuleki, ndipo ankatha kuimitsa sitima ali kumbuyo komweko. Nyali zosonyeza mapeto a sitima zinkapachikidwa m'makona a bogiyi.

Kampani ya Florida East Coast Railway ndi imene imatchulidwa kuti inayamba kuika chipangizo m'malo mwa caboose m'chaka cha 1969. M'zaka za m'ma 1980 makampani ambiri anatengera njirayi. Nthawi imeneyo makina oikidwa m'mbali mwa njanji anali atayamba kuzindikira okha mawilo otentha ndi zitsulo zokwekwereka pansi, ndipo makampani anaona kuti kukoka bogi yopanda katundu ndi kulipira anthu okhalamo kunkawonongetsa ndalama. Antchito ambiri anachotsedwa kumbuyo kwa sitima, ndipo lero caboose imapezeka pa maulendo ochepa okha, makamaka pamene sitima imayenda chobwerera m'mbuyo mtunda wautali.

Mmene chipangizo chenicheni chimagwirira ntchito

EOT imamangiriridwa pa cholumikizira cha bogi yomaliza, ndipo imalumikizidwa ku paipi ya mpweya wa mabuleki. Mabuleki a sitima amatsatira njira imene George Westinghouse anakonza m'chaka cha 1872. Paipi imodzi yodzaza mpweya imayenda kuchokera kumutu mpaka kubogi yomaliza. Mpweya ukachepa m'paipiyo, mabuleki a bogi iliyonse amagwira. Sitima ikaduka, paipi imadukanso, mpweya umathawa, ndipo zigawo zonse ziwiri zimaima zokha.

Chipangizochi chimayeza mphamvu ya mpweya kumapeto kwa paipi n'kutumiza uthenga pa wayilesi kupita ku kabokosi kamene kali pafupi ndi woyendetsa. Chimamuuzanso ngati bogi yomaliza yayamba kuyenda. Popeza chakumbuyo chimatchedwa FRED, antchito ena anapatsa kabokosi kakutsogolo dzina lakuti Wilma, potengera banja la mu katuni ya The Flintstones.

Zipangizo zoyambirira zinkangotumiza uthenga, osalandira. Zatsopano zimalandiranso lamulo kuchokera kwa woyendetsa lakuti zitulutse mpweya kumbuyo. Zimenezi zimapulumutsa moyo pamene paipi yatsekeka pakati, chifukwa mabogi a kuseri kwa potsekekapo samva kuti woyendetsa wamanga mabuleki. Mu February 1996 sitima ya katundu inathawa pa mtsetse wa Cajon Pass ku California n'kugubuduzika, ndipo antchito awiri anafa. M'chaka cha 1997 boma la United States linakhazikitsa lamulo lokakamiza sitima zambiri za katundu kukhala ndi zipangizo zotumiza ndi kulandira uthenga.

Malamulo a dzikolo amanenanso za nyali yeniyeniyo. Mtundu wake uyenera kukhala wofiira, wa olenji kapena wachikasu chodera. Iziyaka kuyambira ola limodzi dzuwa lisanalowe mpaka ola limodzi dzuwa litatuluka, komanso nthawi ina iliyonse imene kunja sikukuoneka bwino. Ngati ndi yophethira, pakati pa kuphethira kumodzi ndi kwina pazidutsa masekondi 0.7 mpaka 1.3. Zipangizo zambiri zimayatsa nyali zokha kukada. Zina zimayendera batire, pamene zina zili ndi kamakina kopukusidwa ndi mpweya wa m'paipi ya mabuleki kamene kamapanga magetsi.

Kukula kwa tisitima

Tisitima toyerekezera timapangidwa pa miyeso yodziwika. Muyeso wofala kwambiri ndi HO, umene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 87, ndipo mpata wa pakati pa njanji ziwiri ndi mamilimita 16.5. Pa muyeso wa N chinthu chimachepetsedwa ka 160 ndipo mpata wa njanji ndi mamilimita 9. Pa muyeso wa O wa ku America chimachepetsedwa ka 48. Ku Britain ambiri amakonda OO, wochepetsa ka 76, woyenda pa njanji yofanana ndi ya HO.

Bogi yotseka yotalika mamita 12 imakhala masentimita 14 okha pa HO. Chipangizo chotalika masentimita 87 chimakhala sentimita imodzi. Pa kanthu kochepa chonchi ndi pamene payenera kukwana nyali ndi mawaya awiri.

Nyali yake

Kale ankagwiritsa ntchito timababu ting'onoting'ono, koma tinkatentha, tinkadya magetsi ambiri ndiponso tinkapsa msanga. Masiku ano pafupifupi aliyense amagwiritsa ntchito LED. LED yofiira, imene Nick Holonyak anapanga koyamba m'chaka cha 1962 ku kampani ya General Electric, imafuna pafupifupi ma volt 2 ndipo siitentha.

LED wamba yozungulira ya mamilimita 3 ndi yaikulu kwambiri pa HO, chifukwa ikufanana ndi nyali ya masentimita 26 pa sitima yeniyeni. Ambiri amasankha tima LED tophwatalala totchulidwa ndi manambala. Ya 0603 ndi mamilimita 1.6 m'litali ndi 0.8 m'lifupi, ndipo ya 0402 ndi milimita imodzi m'litali ndi theka la milimita m'lifupi. Kuwotcherera waya pa kanthu kotere ndi kovuta, choncho ambiri amagula tokhala kale ndi mawaya opyapyala ngati tsitsi. Ena amabisa LED yaikulu mkati mwa kabogi n'kutulutsa kuwala kwake kudzera mu kaulusi koonekera ka fibre optic, kamene nsonga yake yokha ndi imene imaonekera kunja.

LED imalola magetsi kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo imapsa nthawi yomweyo ikalandira ochuluka. Pa chifukwa chimenechi imayendera limodzi ndi resistor, kachipangizo kochepetsa magetsi odutsa.

Magetsi ochokera m'batire

Njira yosavuta ndi kuika batire mkati mwa kabogi. Batire yophwatalala ya CR2032 imapereka ma volt 3, ndi yotambalala mamilimita 20 ndipo ndi yokhuthala mamilimita 3.2, choncho imakwana bwino mu kabogi kotseka ka HO. Pa muyeso wa N pamafunika yocheperapo monga CR1220. Batire ya CR2032 imasunga pafupifupi ma milliamp-hour 220. LED yodya ma milliamp 2 ikhoza kuyaka maola pafupifupi 100, ndipo ikamaphethira imatha kupitirira pamenepo chifukwa nthawi yambiri imakhala yozima.

Ubwino wa batire ndi wakuti nyali siidalira ukhondo wa njanji, ndipo mawilo a kabogi sasinthidwa. Kuipa kwake ndi kwakuti pamafunika swichi, ndipo mwini wake akaiwala kuzimitsa amapeza batire itatha. Ena amabisa kaswichi kunsi kwa kabogi. Ena amaika pansi pa denga swichi ya mu kagalasi yotchedwa reed switch, imene imayatsa kapena kuzimitsa munthu akadutsitsa maginito pamwamba, osanyamula kabogi panjanji. Mabatire ophwatalala ndi oopsa kwa ana aang'ono. Mwana akameza, batire imatha kuwotcha kummero m'maola ochepa, choncho pomwe yaikidwa payenera kukhala potsekeka bwino.

Magetsi ochokera kunjanji

Njira yachiwiri ndi kutapa magetsi kunjanji monga umachitira mutu wa kasitima. Pa tisitima ta njanji ziwiri, njanji imodzi imabweretsa magetsi ndipo inayo imawabweza. Tibogi tambiri timagulitsidwa ndi mawilo apulasitiki, ndipo amenewa amayenera kusinthidwa ndi achitsulo. Mawilo achitsulo amabwera awiriawiri pa mtanda umodzi, ndipo kawirikawiri wilo limodzi limalekanitsidwa ndi mtandawo ndi kapulasitiki kuti njanji ziwiri zisagundanitse magetsi. Motero mtanda umatenga magetsi a njanji imodzi yokha.

Kabogi ka ku America kamakhala pa timafelemu tiwiri ta mawilo, kamodzi kutsogolo kena kumbuyo. Woika nyali amatembenuza mawilo kuti kafelemu kakutsogolo kazitapa njanji yakumanja, kakumbuyo yakumanzere. Kenako amaika kachitsulo kopyapyala kofewa, kawirikawiri ka phosphor bronze, kuti kazikhudza mitanda pamene ikuzungulira, n'kulumikizapo waya wolowa mkati. Mtanda umodzi ukaikidwa motembenuka pa kafelemu, magetsi amagundana ndipo tisitima tonse timaima.

Zotsatira zake zimadalira mtundu wa magetsi amene ali panjanji. Pa njira yakale ya DC, liwiro limasinthidwa pokweza kapena kutsitsa magetsi kuyambira 0 mpaka pafupifupi ma volt 12, ndipo kasitima kamabwerera m'mbuyo potembenuza mbali imene magetsi akulowera. Nyali yotapa magetsi otere imawala kwambiri kasitima kakathamanga, imachita mdima kakamayenda pang'onopang'ono, ndipo imazima kakaima. Izi n'zosemphana ndi zenizeni, chifukwa sitima yoima panjanji ndi imene imafunika chizindikiro kwambiri. Ambiri a DC amasankha batire pa chifukwa chimenechi.

Njira ya DCC inachokera ku kampani ya Lenz ya ku Germany, ndipo bungwe la National Model Railroad Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1935, linaivomereza kukhala muyezo wa onse m'zaka za m'ma 1990. Pa DCC njanji zimakhala ndi magetsi nthawi zonse, pafupifupi ma volt 14 mpaka 16 pa HO, kaya kasitima kakuyenda kapena kaima. Magetsiwo amasinthasintha mbali maulendo masauzande pa sekondi, ndipo kusinthasinthako ndi kumene kumanyamula malamulo opita ku mutu uliwonse.

Pa DC ndi pa DCC pomwe, magetsi amayamba adutsa mu bridge rectifier, timadiode tinayi tolumikizana timene timawongola magetsi kuti aziyenda mbali imodzi. Kachipangizoka kamadya pafupifupi ma volt 1.4. Kukula kwa resistor kumapezeka ndi masamu achidule. Ngati panjanji pali ma volt 14, kuchotsapo 1.4 ya rectifier ndi 2 ya LED pamatsala 10.6. Kuti LED ilandire ma milliamp 5, amagawa 10.6 ndi 0.005, ndipo yankho ndi ma ohm 2,120. Resistor yogulitsidwa yoyandikira pamenepa ndi ya ma ohm 2,200. Tima LED tamakono timawala kwambiri, choncho ena amaika resistor yokulirapo kuti kanyali kasathobwe m'maso.

Kabogi ka katundu ndi kopepuka, ndipo kafumbi kochepa panjanji kapena malo opatukira njanji amadula magetsi kwa kanthawi. Pofuna kuti nyali isamazimezime, amawonjezera capacitor, imene imasunga magetsi pang'ono n'kuwapereka pamene kabogi kakudutsa malo akufa. Pa HO amasankha yopirira ma volt 25 kapena kuposa, ndipo mawaya ake sayenera kutembenuzidwa chifukwa imatha kuphulika. Capacitor yopanda kanthu imakoka magetsi ambiri nthawi imodzi poyatsa, ndipo makina a DCC amatha kuganiza kuti magetsi agundana n'kuzimitsa njanji yonse. Resistor ya pafupifupi ma ohm 100 yoikidwa patsogolo pake imathetsa vutoli.

Kuchititsa kuti iziphethira

Pali njira zingapo. Yosavuta ndi LED yophethira yokha, imene ili ndi kachipangizo kake mkati. Zambiri zotere ndi zazikulu ndipo zimaphethira mofulumira kuposa nyali yeniyeni, koma zikhoza kubisidwa mkati n'kulumikizidwa mondondozana ndi ka LED kakunja kuti konse kaziphethira limodzi.

Ena amapanga okha dongosolo pogwiritsa ntchito kachipangizo ka 555, kamene kampani ya Signetics inayamba kugulitsa mu 1972. Posintha ma resistor awiri ndi capacitor imodzi, munthu amasankha kutalika kwa nthawi yoyaka ndi yozima. Kuthwanima kwachidule kamodzi pa sekondi ndi kumene kumafanana ndi zenizeni. Kale ambiri ankakonda kachipangizo ka LM3909, kamene kankatha kuphethiritsa LED ndi batire imodzi ya ma volt 1.5 kwa miyezi, koma kanasiya kupangidwa.

Pa DCC pali njira ina, yoika decoder yoyendetsa nyali zokha. Decoder imalandira nambala yakeyake, ndipo mwini amayatsa kapena kuzimitsa nyali ali chapatali, monga amachitira ndi nyali za mutu. Mitundu ya mawaya ake ndi yodziwika: wofiira ndi wakuda amapita kunjanji, wabuluu umapereka magetsi ku nyali, ndipo woyera kapena wachikasu umabweza kuchokera ku nyaliyo. Makampani ena amagulitsanso kafelemu ka mawilo kokhala kale ndi nyali ndi zonse zofunika, koti munthu amangomasula kakale n'kumangapo katsopano.

Kusankha kabogi ndi kaikidwe

Tibogi totseka, monga tonyamula katundu wa m'mabokosi kapena chimanga ndi tirigu, ndi tosavuta chifukwa mkati muli malo. Tonyamula mafuta timavuta kutsegula. Tapululu topanda makoma ndi tovuta koposa, ndipo zipangizo zimabisidwa mu katundu woyerekezera kapena mu kakontena.

Pa sitima yeniyeni chipangizo chimakhala pa cholumikizira, choncho ofuna kutengera ndendende amamata kabokosi kapulasitiki koyerekezera EOT pa cholumikizira cha kabogi, LED ili pamwamba pake. Mawaya amadutsa kunsi n'kulowa mkati pa kabowo kobooledwa pansi pa kabogi. Amawasiya olenjekeka pang'ono kuti cholumikizira ndi mawilo zizitembenuka momasuka pokhota. Kuseri ndi m'mbali mwa LED amapakamo penti wakuda asanapake mtundu womaliza, chifukwa pulasitiki wopyapyala amadutsitsa kuwala ndipo kabokosi konse kangamaoneke kofiira. Kuwotcherera mawaya kumachitikira patali ndi kabogi, popeza kutentha kumasungunula pulasitiki, ndipo dongosolo lonse limayesedwa patebulo lisanamatidwe.

Kulemera kwa kabogi nakonso kumayang'aniridwa. Malangizo a National Model Railroad Association amati kabogi ka HO kazilemera aunsi imodzi, kuwonjezerapo theka la aunsi pa inchi iliyonse ya kutalika kwake. Kabogi ka masentimita 14 kayenera kulemera pafupifupi magalamu 106. Batire ndi zipangizo zimawerengedwa pa kulemeraku, ndipo zimaikidwa pansi ndi pakati kuti kabogi kasapendekeke. Tizitsulo totapa magetsi tikakanikiza kwambiri, mawilo amasiya kuzungulira ndipo kabogi kamangokwekwereka.

Pali chinthu china chimene woika nyali amayenera kuvomereza. Pa sitima yeniyeni wantchito amamasula chipangizo n'kuchisamutsira ku bogi iliyonse imene yakhala kumapeto. Pa kasitima nyali imakhala yomatidwa pa kabogi kamodzi, ndipo kabogi kameneko kayenera kukhala komaliza pa ulendo uliwonse. Amene amakonda kusinthanitsa tibogi m'masiteshoni awo amakonza tibogi tingapo ta mitundu yosiyanasiyana tokhala ndi nyali, kapena amagwiritsa ntchito ka EOT kosayaka kongokoleka, poganizira kuti masana nyali yeniyeni nthawi zambiri imakhala yozima.

Kugwirizana ndi nthawi ndi dziko

Okonda tisitima ambiri amasankha zaka ndi dera limene akuyerekezera. Kasitima ka ku America ka m'zaka za m'ma 1950, kokokedwa ndi mutu wa malasha, kamathera ndi caboose yokhala ndi nyali zosaphethira m'makona. EOT yophethira imayenerera kasitima ka kuyambira zaka za m'ma 1980. Woyerekezera sitima za ku Britain amaika nyali imodzi yofiira, yosaphethira ngati ndi nthawi ya palafini ndi yophethira ngati ndi ya masiku ano.

Nyali yotapa magetsi kunjanji ili ndi phindu linanso. Pa matebulo akuluakulu a tisitima, njanji imagawidwa m'zigawo, ndipo makina amadziwa kuti m'chigawo muli kasitima poona kuti magetsi akudyedwa. Tibogi ta mawilo apulasitiki sitidya magetsi, choncho mutu ukangotuluka m'chigawo makina amaonetsa kuti njira yatseguka pamene tibogi tidakali momwemo. Kabogi komaliza kakakhala ndi nyali, makinawo amakaona, ndipo chizindikiro chimakhalabe chofiira mpaka kasitima konse katadutsa. Kabogiko kakaduka n'kutsala mu kamphanga kosaoneka, kasitima kotsatira kamaimitsidwa kasanakawombe.